Magazi ayambanso kuyenda m'diso, nanga bwanji abambo sakuonabe?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Turffontein kuno ku Johannesburg wandilembera motere: "Amuna anga ali ndi zaka 58, amagwira ntchito ya ulonda ndipo ali ndi BP. Mwezi watha, atangoweruka m'mawa, diso lawo lakumanja linada mwadzidzidzi popanda kupweteka kulikonse. Tinagula mankhwala odontheza m'maso n'kudikira masiku atatu chifukwa ankaopa kujomba kuntchito. Kuchipatala anati mtsempha wa magazi unatsekeka koma tsopano magazi ayambanso kuyenda. Ngati magazi akuyenda, n'chifukwa chiyani sakuonabe? Disolo ndi loyera bwinobwino, lilibe ng'ala, ndipo abale kumudzi akuti analodzedwa."

Amayi, pepani kwambiri ndi zimene zagwa pakhomo panu. Malinga ndi mmene mwafotokozera, vutoli ndi limene madokotala a maso timalitcha central retinal artery occlusion, ndipo m'mawu a tsiku ndi tsiku tinganene kuti ndi sitiroko ya m'diso. Sindikubisirani kuti yankho lake ndi lowawa: magazi amadyetsa maselo amoyo, koma akafika mochedwa sangadzutse maselo amene afa kale. Ndikufuna ndikufotokozereni mwachifatse mmene maselowo amafera, chifukwa mukamvetsa zimenezi muona kuti pali ntchito yaikulu imene yatsala, pakuti abambo akadali ndi diso lina ndiponso ubongo, ndipo zonse ziwirizi zili pangozi yomweyo imene inagwera diso lakumanja.

Chinenero chathu chimatisokoneza pang'ono pa nkhani imeneyi, chifukwa mawu akuti mtsempha timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana. Pali mitsempha ya magazi, imene ili ngati mipope, ndipo pali mitsempha ya uthenga, imene imanyamula mauthenga kupita ku ubongo. Odwala ambiri akamva dokotala akunena kuti mtsempha watseguka amaganiza kuti zonse zatheka, pamene umene watsegukawo ndi wa magazi, ndipo umene wawonongeka ndi wa uthenga. Kumbuyo kwenikweni kwa diso, m'kati mwake, mwayalidwa kansalu kopyapyala kosakwana theka la milimita, kotchedwa retina. Kansalu kameneka ndi mbali ya ubongo imene inatulukira kutsogolo pamene mwana ankaumbidwa m'mimba, choncho maselo ake ndi a mtundu umodzi ndi maselo a ubongo. Kunsi kwake kuli maselo olandira kuwala, pafupifupi 100 miliyoni. Amenewa amapatsira uthenga maselo apakati, ndipo apakatiwo amaupereka kwa maselo otchedwa ganglion, amene alipo oposa pang'ono 1 miliyoni m'diso lililonse. Selo lililonse la ganglion lili ndi ulusi umodzi wautali, ndipo ulusi wonsewo ukamangidwa pamodzi ndiwo umapanga mtsempha waukulu wa uthenga wochoka m'diso kupita ku ubongo. Chilichonse chimene munthu amaona chimadutsa mwa amithenga amenewa, ndipo palibe njira ina yolambalala.

Retina imadya kwambiri, moti tikayerekeza kulemera kwake ndi mpweya wa okosijeni umene imagwiritsa ntchito, ili m'gulu la ziwalo zanjala kwambiri m'thupi lonse, komabe ilibe nkhokwe yoti n'kusungamo chakudya cha mawa. Imalandira magazi kuchokera mbali ziwiri. Maselo olandira kuwala amadyetsedwa ndi ukonde wa mitsempha umene uli kuseri kwa retina, wotchedwa choroid, pamene amithenga aja pamodzi ndi maselo apakati amadalira kamtsempha kamodzi kokha, kosakwana kotala ya milimita m'mimba mwake, kamene kamalowa m'diso kudzera pakati pa mtsempha wa uthenga uja. Kamtsempha kameneka kali ngati mlatho umodzi wolowera m'mudzi wozunguliridwa ndi mtsinje, chifukwa nthambi zake sizilumikizana ndi mitsempha ina imene ingathandize kakatsekeka. Chimene chimakatseka kawirikawiri ndi kachibenthu ka mafuta kapena ka magazi oundana kamene kathothoka mumtsempha waukulu wa m'khosi kapena mumtima, n'kuyenda ndi magazi mpaka kukafika pamene njira yachepa. Mu 1961, dokotala wa maso Robert Hollenhorst wa ku Mayo Clinic ku America anafotokoza tizibenthu tonyezimira ta mafuta otchedwa kolesterolo timene tinkaoneka m'mitsempha ya retina, ndipo anasonyeza kuti timachitira umboni za matenda a mitsempha ya m'khosi. BP yosasamalidwa, shuga, fodya ndi mafuta ochuluka m'magazi ndizo zimakhakhalitsa makoma a mitsempha kwa zaka zambiri mpaka tsiku limene kachibenthu kamathothoka.

Tsopano tione zimene zimachitika m'kati mwa selo magazi akaima. Selo lililonse la uthenga lili ngati bwato lobowoka pang'ono limene lili pakati pa nyanja. Kunja kwake kuli madzi a mchere wa sodium, ndipo mcherewo umalowerera m'kati nthawi zonse, makamaka selo likamatumiza uthenga. Kuti lisamire, pakhungu la selo pali timapampu tambirimbiri timene timakapa mcherewo usana ndi usiku, monga mmene msodzi amakapira madzi m'bwato lake. Timapamputi timayendera mphamvu yotchedwa ATP, imene selo limapanga pogaya shuga mothandizidwa ndi okosijeni m'tizigawo take totchedwa mitochondria, ndipo gawo lalikulu la mphamvu yonse ya selo la uthenga limathera pa ntchito yokapayi. Magazi akaima, okosijeni amatha m'masekondi ochepa ndipo selo limasiya kutumiza uthenga nthawi yomweyo, n'chifukwa chake abambo anaona mdima mwadzidzidzi. Panthawi imeneyo selo limakhala lisanafe, langokhala chete. Limayesa kugaya shuga wotsala popanda okosijeni, koma njira imeneyi imapereka mphamvu yochepa kwambiri ndipo imasiya asidi amene amaunjikana m'kati. Mphamvu ikachepa wokapa uja amafooka, mchere umadzaza m'selo, madzi amatsatira mcherewo, ndipo selo limayamba kutupa.

Chotsatira chake ndicho chimandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikachiganizira, chifukwa maselo amayamba kuphana okhaokha ndi chida chimene amalankhulirana. Maselo a mu retina amapatsirana uthenga pogwiritsa ntchito mankhwala amene amapanga okha, otchedwa glutamate. Zinthu zikakhala bwino selo limatulutsa pang'ono chabe, linzake limamva, kenako maselo othandizira otchedwa Müller amayamwa otsalawo mwamsanga kuti malo ayere uthenga wina usanabwere. Koma ntchito yoyamwayi nayonso imadalira mapampu a mchere aja. Mphamvu ikatha, maselo ofooka amataya glutamate wawo yense, maselo a Müller amalephera kumuchotsa, ndipo iye amasefukira pakati pa maselo n'kumagogoda pa timakomo ta maselo oyandikana nawo mosalekeza. Timakomo tina, totchedwa NMDA, tikatseguka timalowetsa kashiamu. Kashiamu wochepa ndi wofunika pa ntchito ya selo, koma akachuluka amadzutsa mankhwala ogaya a m'selo otchedwa ma enzyme, amene amayamba kudula timizati togwiriziza selo, kubowola khungu lake ndi kuwononga mitochondria zomwe zikanalipulumutsa. N'zochititsa chidwi kuti kupha maselo kwa poizoni ameneyu kunayamba kudziwika m'diso kusanadziwike mu ubongo: mu 1957 ofufuza awiri, Lucas ndi Newhouse, anaona kuti glutamate wochuluka ankapha maselo a m'kati mwa retina ya mbewa, ndipo mu 1969 John Olney anasonyeza kuti zomwezo zimachitika mu ubongo, n'kuyambitsa mawu akuti excitotoxicity, kutanthauza kufa kwa selo chifukwa chotakasidwa mopitirira muyezo. Maselo ena amatupa mpaka kuphulika m'maola oyambirira. Ena amapulumuka tsiku loyamba ali ovulala, koma patapita masiku amadzizimitsa okha mwadongosolo, ndipo maselo oyeretsa amabwera kudzachotsa zotsalira zawo.

Funso loti zonsezi zimatenga nthawi yaitali bwanji linafufuzidwa kwambiri ndi Sohan Singh Hayreh wa pa yunivesite ya Iowa ku America, amene ankatseka kamtsempha kameneka mwa anyani kwa nthawi zosiyanasiyana n'kuona zotsatira zake. Anapeza kuti magazi akabwerera pasanathe mphindi 97 retina inkachira popanda chilema chooneka, kupitirira pamenepo kuwonongeka kunkakula pamene nthawi inkapita, ndipo pofika mphindi 240, amene ndi maola 4, kuwonongekako kunali kwakukulu ndi kosabwezeka. Mwa anthu kamtsemphako nthawi zina sikatsekeka kotheratu, magazi ochepa amadutsabe, choncho munthu asamanene kuti poti maola 4 adutsa palibenso chifukwa chopitira kuchipatala. Komabe ziwerengerozi zikutiuza kuti nkhani imeneyi imayezedwa ndi mphindi ndi maola, pamene ife mwachibadwa timayeza matenda ndi masiku, kunena kuti tione mmene kuchere.

Zoti magazi ayambanso kuyenda n'zoona, ndipo zimachitika mwa odwala ambiri, chifukwa kachibenthu kaja kamasweka kapena kusunthira kutsogolo, kapena thupi limakasungunula patapita maola kapena masiku. Koma magaziwo amafika m'mudzi mmene amithenga ambiri afa kale. Ndiponso kubwerera kwake kuli ndi vuto lakelake, monga mvula yamphamvu ikagwa pa nthaka youma imene ilibe udzu imakokolola m'malo molowa pansi. Okosijeni akafika mu mitochondria zowonongeka amatulutsa tizinthu tolusa totchedwa free radicals, timene timawononga mafuta a pakhungu la maselo, ndipo retina ili ndi mafuta ambiri a mtundu wosachedwa kuwonongeka motero. Maselo oyera a m'magazi nawonso amathamangira pamalo ovulalawo n'kuwonjezera kutupa. Izi sizikutanthauza kuti kubwerera kwa magazi n'koipa, pakuti ndi njira yokhayo yopulumutsira maselo amene akadali moyo, koma phindu lake limakhala lalikulu magazi akabwerera msanga ndipo limachepa pamene nthawi ikupita. Maselo a ganglion akafa saberekananso, monga mmene zilili ndi maselo a ubongo. Nsomba zina, monga kansomba kotchedwa zebrafish, zimatha kumeretsa retina yatsopano kuchokera ku maselo a Müller, ndipo asayansi akuziphunzira mwakhama, koma diso la munthu silichita zimenezo. M'diso la abambo maselo olandira kuwala ayenera kuti akadali moyo, poti amadyetsedwa ndi choroid, ndipo kuwala akukulandira ndithu, koma wonyamula uthengawo kupita nawo ku ubongo ndiye palibe.

Pa zimene abale akunena kumudzi, ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti munthu amene anachoka pakhomo ali bwinobwino n'kubwerako diso limodzi litada, popanda bala, popanda ululu, popanda ng'ala, amadabwitsa aliyense. Koma chilichonse mwa zodabwitsazi chili ndi chifukwa chake chooneka. Ululu palibe chifukwa retina ilibe mitsempha yomva kupweteka. Diso ndi loyera chifukwa kutsogolo kwake kumadyetsedwa ndi mitsempha ina imene sinakhudzidwe. Ndipo vutoli dokotala amaliona ndi maso ake akaunika m'kati: m'masiku oyambirira retina imene imayenera kukhala yoonekera mpaka kuseri imachita mbuu ngati mkaka chifukwa cha kutupa kwa maselo, ndipo pakati penipeni, pamene retina ndi yopyapyala kwambiri, pamaoneka kadontho kofiira chifukwa magazi a choroid amaonekera kuseri kwake. Albrecht von Graefe wa ku Berlin anafotokoza matendawa mu 1859, patangopita zaka zochepa Hermann von Helmholtz atapanga chida chounikira m'kati mwa diso. Pakapita masabata angapo mbuu uja amatha ndipo retina imaonekanso ngati yabwino, koma imakhala itapyapyala, ndipo mutu wa mtsempha wa uthenga umayamba kutuwa. Mupemphe dokotala kuti akuonetseni chithunzi cha m'kati mwa maso onse awiri, kapena sikani yotchedwa OCT ngati anaijambula, kuti inu ndi abambo muone nokha kusiyana kwake, ndipo mungathe kuwatumizira abale pa WhatsApp.

Ife Amalawi tili ndi mbiri yathu pa nkhani ya magazi ndi retina. Ku chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, dokotala wa maso Susan Lewallen, pogwira ntchito ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, anafotokoza mu 1993 zimene zimaoneka m'maso mwa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Maselo ofiira a magazi amene alowedwa ndi tizilombo ta malungo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono n'kutitseka, ndipo retina imachita mawanga oyera pamene magazi sakufika. Zimene zikuoneka m'disomo ndi zomwe zikuchitika mu ubongo wa mwanayo, moti kuunika m'maso kunakhala njira yodalirika yotsimikizira matendawa. Ndatchula zimenezi chifukwa mfundo yake ikukhudza abambo mwachindunji: zimene zachitika m'mitsempha ya diso lawo zikutiuza mmene mitsempha ya ubongo wawo ilili.

Kuchepa kwa magazi mu retina sikubwera mwadzidzidzi nthawi zonse. Mwa odwala shuga, timitsempha ting'onoting'ono timatsekeka kamodzikamodzi kwa zaka zambiri munthu akuonabe bwino, ndipo zofanana ndi zimenezi zimachitika pa matenda a sickle cell komanso pamene mtsempha wotulutsa magazi m'diso watsekeka. Retina yanjala imatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, imene ili ngati mfuu yoitana mitsempha yatsopano. Mitsemphayo imameradi, koma imamera pamalo olakwika ndipo imakhala yofooka, moti imachucha, imatha kuphulika n'kudzaza magazi m'diso, kapena kumera kutsogolo n'kutseka ngalande yotulutsira madzi a m'diso. Zikatero mphamvu ya madzi m'diso imakwera kwambiri ndipo diso limene silinkapweteka limayamba kupweteka koopsa. Vuto limeneli limathanso kutsatira sitiroko ya m'diso patapita masabata kapena miyezi, choncho abambo asasiye kupita kukapimidwa poganiza kuti diso losaona lilibenso chotaya. Likagwidwa msanga limathandizidwa ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kapena jakisoni wa m'diso woletsa VEGF, ndipo disolo limakhalabe pamalo pake popanda ululu.

Za masiku atatu amene munadikira, musadziimbe mlandu mopitirira. Ndikudziwa mmene moyo wa kuno ulili, mmene munthu amaopera kuti akajomba tsiku limodzi abwana apeza wina, ndiponso mmene nkhani ya mapepala imachititsira anthu athu kuzengereza pakhomo la chipatala. Komanso zoona zake n'zakuti ngakhale mwa amene amafika msanga, ambiri kuona sikubwerera mokwanira. Anthu ena amakhala ndi kamtsempha kowonjezera kochokera ku choroid kamene kamapulumutsa pakati pa retina, ndipo ena amatsala ndi kachigawo ka m'mbali kamene amaonerako, choncho n'kofunika kuti dokotala ayeze chimene chatsala. Koma pamene mwezi watha diso lili mumdima, sindingakulonjezeni kuti kuona kudzabwerera, ndipo ndikukupemphani kuti ndalama zimene mwazipeza movutikira musazithere pa mankhwala odontheza, mavitamini, magalasi kapena aliyense amene akulonjeza kudzutsa mtsempha wakufa.

Kumene mphamvu zanu ziyenera kupita ndi kufufuza kumene kachibenthu kaja kanachokera. Mu 2021 bungwe la American Heart Association linanena momveka bwino kuti kutsekeka kwa kamtsempha kameneka ndi mtundu wa sitiroko ndipo kuyenera kuthamangiridwa mofanana, chifukwa munthu amene zamuchitikira amakhala pangozi yaikulu ya sitiroko ya mu ubongo, makamaka m'masiku ndi masabata oyambirira. Ngati sizinachitike kale, abambo ayenera kujambulidwa mitsempha ya m'khosi, kupimidwa mtima ndi ECG kuti aone ngati ukugunda mosalongosoka, ndiponso kuyezedwa shuga ndi kolesterolo. Popeza apitirira zaka 50, muuzenso dokotala ngati akhala akumva mutu m'mbali mwa mphumi, kupweteka kwa nsagwada potafuna kapena kuwawa kwa khungu la kumutu popesa, chifukwa pali matenda otupitsa mitsempha otchedwa giant cell arteritis amene angathe kutenga diso lachiwiri m'masiku ochepa ngati sanapatsidwe mankhwala. Asipirini kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi asayambe okha, awalembere ndi dokotala. Mankhwala a BP azimwa tsiku lililonse ngakhale akumva bwino, ndipo poti ntchito yawo ndi ya usiku, agwirizane ndi anamwino za nthawi imodzi yokhazikika yomwera. Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi mutenge okwanira ulendo wonse. Ngati amasuta, fodya asiye.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ndikufuna nonse m'nyumbamo muchidziwe. Nthawi zina kachibenthu kamatseka njira kwa mphindi zochepa n'kudutsa, ndipo munthu amaona ngati chinsalu chakuda chatsika m'diso limodzi kenako n'kukwera. Maselo aja anali atangokhala chete ndipo adzukanso, choncho munthu amapitiriza ntchito zake n'kuiwala. Limenelo ndilo chenjezo, ndipo likachitika m'diso lakumanzere la abambo, kapena pakamwa pakapotoka, dzanja likafooka, kapena mawu akayamba kusokonekera, musadikire kuti kuche. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi, kapena pezani galimoto yopita ku chipatala chachikulu chimene chili ndi gawo la odwala mwadzidzidzi, monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Helen Joseph, kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto, kumene kulinso chipatala cha maso cha St John. Pofika munene mawu akuti stroke ndipo mutchule nthawi yeniyeni imene vutolo layamba, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala pa vuto la mwadzidzidzi, ndipo silisiyanitsa nzika ndi mlendo.

Kunyumba, abambo adzafunika miyezi ingapo kuti azolowere kuona ndi diso limodzi, chifukwa kuyeza kutalika kwa chinthu kumafuna maso awiri. Adzaphonya kapu pothira tiyi ndipo adzakayikira potsika masitepe, koma ubongo umaphunzira njira zina pang'onopang'ono. Powoloka msewu azitembenuza mutu wonse kuyang'ana kumanja, pakuti kuno galimoto zimayenda kumanzere ndipo yoyamba kuwafikira imachokera mbali imene sakuona. Akamagwira ganyu yotchetcha udzu, yodula zitsulo kapena yokhoma misomali azivala magalasi oteteza maso, ndipo diso lakumanzerelo lizipimidwa m'kati, atathiridwa mankhwala okulitsa mwanadiso, kamodzi pachaka kapena monga mmene dokotala wawo angawauzire.